Mafunso ndi mayankho: makona a m'kalasi ndi zochita za ana potsata nyengo

Ine ndimaphunzitsa Sitandade 3 pa sukulu ina yakumudzi kuno ku Kasungu, mbali ya ku Santhe uku, ndipo tikakumana ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'dera limodzi timasonkhanako, anzanga makamaka amene angotuluka kumene ku TTC, koleji ya aphunzitsi ija, amakonda kundifunsa za makona amene ndimaika m'kalasi mwanga. Mafunso ake amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka nde ndaona kuti ndingowalemba pamodzi. Ena ndayankha motalika, ena mwachidule, malinga ndi mmene funsolo likundikhudzira.

Kodi kona imeneyi ndi chani kwenikweni? Si zokongoletsa zija timapachika a PEA, alangizi oyendera masukulu aja, akamabwera?

Ayi amadamu, ndipo apa mpamene ambiri timasochera. Kona ndi malo m'kalasi amene mwana akafikapo pali ntchito yoti agwire ndi manja ake popanda inu kumuimirira pamutu. Ikhoza kukhala kona ya masamu, yowerengera, ya zachilengedwe, kapena kashopu. Ngati ana sakhudzapo, ngati mumawakalipira akayandikira, imeneyo si kona, ndi shelefu yanu basi.

Ine ndinalowapo m'kalasi ina mu Juni ndikupeza pa tebulo la zachilengedwe pali mango owuma akuda bii amene anaikidwa mu Disembala, pambali pake chisa cha mbalame chodzadza fumbi. Mwana aphunzirapo chani pamenepo? Kunja kuli mapesi, kuli mtedza, mwera ukuwomba, koma m'kalasi ikadali Khirisimasi. TALULAR imene tinaphunzira ku koleji ija tanthauzo lake ndi kugwiritsa ntchito zimene zikupezeka pafupi, nde zimene zikupezeka pafupizo zimasintha ndi nyengo. Kabati yanu yeniyeni ndi munda, dambo ndi msika. Kona izisintha mmene kunjaku kukusinthira.

Ndili ndi ana 120 okhala pansi, malo oika phazi palibe. Makona ndiwaika pati?

Funso ili ndimalimva kwambiri ndipo sindikutsutsani, boma limanena za ana 60 pa mphunzitsi m'modzi koma ife tikudziwa mmene zilili m'makalasi a m'munsi. Chimene ndinachita ine ndikusiya kuganiza kuti kona ndi ngodya ya chipinda. Kona yanga ndi thumba. Ndinatenga matumba a feteleza 6, ndinawachapa bwinobwino kawiri ndikuwayanika, ndinawadula pakati ndikusokerera chogwirira, lililonse lili ndi zinthu zake komanso khadi yolembapo zochita. Nthawi ikakwana mtsogoleri wa gulu amangotenga thumba lake, gulu lina likhala pakhonde, lina pansi pa mtengo wa mango, ena m'kati momwemo.

Ndipo musayese kuti ana onse 120 azizungulira makona onse tsiku limodzi, mudzapenga. Gulu limodzi thumba limodzi pa tsiku, mawa asinthana. Pofika Lachisanu pafupifupi aliyense wakhudza chilichonse. Sabata ziwiri zoyambirira kumakhala phokoso ngati pa msika wa Chinkhoma, olo a hedi amabwera kudzasuzumira kuti kwagwanji, koma ana akazolowera amayamba kukumbutsana okha kuti lero ndi ife a thumba la masamu.

Atsogoleri a magulu muziwasintha. Mukangosiya mwana m'modzi wanzeru uja chaka chonse amasanduka kamfumu, anzake amangomuyang'ana.

Teremu yoyamba kumatentha, kunja kuli gwaa, fumbi lokhalokha. Pali choti nkutola?

Chilimwe ndi nthawi ya nthanga ndi dzuwa. Mu Seputembala ndi Okutobala mitengo yambiri imakhala yagwetsa zikhokhombe zake, nde ndimauza mwana aliyense abwere ndi nthanga za mitundu itatu, olo za m'nyumba monga nyemba, chimanga, soya, nthanga za maungu, za bwemba, za msangu, za chamwamba. Sabata yoyamba amangozisankha, zazikulu uku zazing'ono uku, zosalala, zokhakhala, kenako kuwerenga m'magulu a 10. Zomwezo ndi zimene tiwerengere masamu teremu yonse. Zina timasunga m'mabotolo kudikira mvula.

Koma chimene ndimachikonda kwambiri nyengo imeneyi ndi ndodo ya mthunzi. Zikani ndodo yowongoka bwino pabwalo, pamalo poti sipafika mthunzi wa nyumba, ana aziika kamwala pamene mthunzi wathera m'mawa polowa, pa buleki, ndi poweruka, nkumayeza ndi mapazi kapena chingwe. Kuno ku Kasungu chakumapeto kwa Okutobala dzuwa limadutsa pamwamba penipeni pa mutu, ndiye cha m'ma 11:30 mthunzi wa ndodo ija umatsala pang'ono kusoweratu. Ana amakuwa! Chaka china kamnyamata kena kanathamanga kukaitana a Sitandade 7 kuti adzaone ndodo yopanda mthunzi. Zimachitikanso chapakati pa Febuluwale koma nthawi imeneyo mitambo imatisokoneza. Mukabwereza mu Juni mupeza masana mthunzi ndi wautali ndipo waloza kum'mwera, apo ana a makalasi akumtunda mukhoza kuyamba nawo nkhani yoti dziko limazungulira dzuwa litapendekeka.

Chinanso, ikani mbale ziwiri za madzi ofanana, ina padzuwa ina m'kalasi, aziyang'ana tsiku ndi tsiku kuti yayamba kuuma ndi iti. Zophweka koma funso loti madzi apita kuti limawavuta mpaka amakangana.

Pa 15 Okutobala ndi tsiku la anakubala, sabata imeneyo thumba lolembera limakhala la timakalata topita kwa amayi. Chenjerani pang'ono apa, m'kalasi iliyonse muli ana amene amayi awo anatisiya. Ine ndimangoti lembera amene amakuphikira nsima, kaya ndi agogo kaya azakhali.

Nanga mvula ikagwa?

Aaa dzinja nde nthawi yokolola ya mphunzitsi, zinthu zimachita kubwera zokha mpaka pakhomo la kalasi. Choyamba pangani choyezera mvula. Botolo lapulasitiki la mbali zowongoka, dulani chakumtunda, mutu uja muutembenuze ukhale ngati fanulo, pansi ikani timiyala kuti lisagwe ndi mphepo, thirani madzi mpaka angophimba timiyalato ndipo pamenepo ndi pa 0. Mamatizani kapepala ka masentimita kapena ana aziyeza ndi rula. M'mawa uliwonse ana awiri akawerenge, alembe pa tchati, akhuthule mpaka pa 0 paja. Pakutha pa Januwale muli ndi manambala enieni a pasukulu panu ophunzitsira kuphatikiza, kuchotsera, ngakhale magirafu ku Sitandade 5 ndi 6. Ndipo makolo amachita nazo chidwi, bambo wina anandiimitsa pa chigayo kufunsa kuti aphunzitsi mvula ya Lachiwiri ija inali yochuluka bwanji, mwana wanga akuti inu mumayeza.

Nthanga tinasunga zija ino ndi nthawi yake. Mabotolo odula anayi, nyemba zofanana, lina lothirira lili pawindo, lina losathirira, lina lothirira koma lotsekeredwa m'katoni mwamdima, lina lomizidwa m'madzi. Musawauze chimene chichitike, ayambe alosera okha ndipo mulembe pa bolodi zimene anena. Pasanathe sabata nyemba za m'mabotolo awiri othirira aja zimakhala zamera, ndipo ya mumdima ija ikatuluka yayitali yoyezuka ngati yodwala ana amadabwa kwambiri chifukwa ambiri amati siimera nkomwe.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ine maganizo anga ndi oti kusiyana ndi kudzala mitengo 500 tsiku limodzi nkujambulitsa kenako mbuzi nkudya yonse, bola gulu lililonse likhale ndi mitengo iwiri yokha, aitchinge ndi minga, aipatse dzina, aziiyeza kutalika mwezi ndi mwezi. Ngati pafupi ndi sukulu pali msangu apiteni nawo akauone, mtengo umene uja umayoyola masamba dzinja pamene inzake yonse ili yobiriwira, nchifukwa chake chimanga chimachita bwino pansi pake. Afunseni kaye kuti mtengowu wafa kapena uli moyo, mumve mayankho.

Dongo nalonso limapezeka mosavuta kudambo. Sitandade 1 ndi 2 aziumba malembo ndi manambala, mwana amene waumba b ndi d ndi manja ake sachedwa kuzisiyanitsa. Ngumbi zikatuluka, ziwala, nkhono, achule, zonsezo ndi za kona ya zachilengedwe, kuwerenga miyendo ndi mapiko, koma mukatha tsiku lomwelo zibwerere kunja, ngumbi zokha sizibwerera, mukudziwa kale kumene zimathera.

Bowa yekha ndimakaniza. Olo mwana anene kuti agogo amadya, m'kalasi mwanga salowa, timangojambula. Wakupha ndi wodyedwa amafanana kwambiri ndipo ana a Sitandade 1 chilichonse chimapita kukamwa. Komanso kukayamba ziphaliwali musasiye gulu pansi pa mtengo, onse alowe olo mupanikizane.

Januwale ndi Febuluwale ana amajomba kwambiri, ena ali ku fodya ena njala. Makona athandizapo chani?

Kunena zoona kona siithetsa njala. Miyezi imeneyi nkhokwe zimakhala zapita, makolo ali pa ganyu, ndipo kuno kwathu ana ambiri amakhala akuthyola ndi kusoka fodya m'zigafa. Zimenezo nzofunika a komiti ya sukulu, a mother group (gulu la amayi lothandiza ana pasukulu) ndi mafumu, osati thumba langa la feteleza.

Pamene makona amandithandiza ndi pa mwana amene wabwerera patatha sabata ziwiri. M'malo moti akhale kumbuyo ali duu osatola kanthu, ndimamuika pa thumba la makadi a maphatikizo ndi mnzake amene analipo, amuonetse zimene tinadutsa. Sizikwanira koma zimachepetsa manyazi aja amene amapangitsa mwana kusiyiratu.

Wina anandifunsa ngati angabweretse masamba a fodya pa kona poti ndi mbewu yathu. Ine ndimati ayi. Fodya wamuwisi makamaka akanyowa amalowetsa chikonga pakhungu, mwana nkuyamba chizungulire ndi nseru, ndiponso sitingamauze makolo kuti ana asagwire fodya kwinaku ife tikuwagwiritsa m'kalasi. Zimenezonso ndi phunziro la Life Skills palokha.

Teremu yachitatu, nthawi yokolola ndi yozizira?

Masika zipangizo zimachuluka mpaka kusowa pozisunga. Mapesi, zitsononkho, makoko a mtedza, mapesi a mpendadzuwa, udzu wofolera. Zitsononkho ndi zabwino powerengera kuposa timiyala chifukwa mwana wakumbuyo amaziona. Timitengo ta udzu timamanga m'mitolo ya 10, mitolo 10 nkupanga mtolo waukulu wa 100, ndipo nkhani ya kubwereka pochotsera imene imazunguza ana ija imamveka pompo mwana akamasula mtolo ndi manja ake. Mapesi anyamata amapanga galimoto, magalasi, tinyumba, asiyeni apange koma muwapatse muyeso, mwachitsanzo nyumba yotalika masentimita 20, apo Expressive Arts ndi masamu zayendera limodzi. Atsikana nawonso apange galimoto, musawatumize ku zidole zokhazokha.

Ino ndi nthawinso yophunzitsa miyeso chifukwa kunyumba nkhani ndi yomweyo, ndowa zingati thumba limodzi, thumba la makilogalamu 50, mavenda afika ndi masikelo awo. Pangani sikelo ya ndodo ndi zitini ziwiri zomangirira ndi chingwe. Makalasi akumtunda apatseni masamu enieni, ngati venda akugula soya pa mtengo wakuti pa kilogalamu ndipo sikelo yake imadya kilogalamu imodzi pa makilogalamu 10 aliwonse, mlimi wa matumba 4 waluza zingati? Masamu otere ngakhale mwana amene amagona m'kalasi amadzuka chifukwa anaonapo bambo ake akudandaula.

Juni ndi Julaye kumazizira, ana amabwera atapinda manja m'malaya, ena opanda juzi. M'mawa ndimatulutsa magulu onse akakhale padzuwa kuseri kwa chipupa kothawa mwera. Ndi nyengo yabwino ya nthano ndi ndagi, mwana aliyense akafunse agogo nthano imodzi, ofotokoza bwino timawalembera pa katoni nkukhala buku la kona yowerengera. Mabuku amenewa ana amawalimbirana kuposa ogula chifukwa pachikuto pali dzina la mnzawo. Phada, fulaye ndi jingo zimatenthetsa thupi ndipo zonsezo muli kuwerenga.

A Sitandade 8 akamaliza mayeso a MANEB chipinda chawo chimakhala chopanda anthu, kapempheni msanga kwa a hedi anzanu asanakutsogolereni.

Kashopu kaja mumakapanga bwanji?

Mapaketi opanda kanthu a shuga, mchere, sopo, machesi, timabotolo ta mafuta, ana amatola okha. Ndalama timadula makatoni nkulemba K50, K100, K200, K500, K1000. Chachikulu mitengo ikhale ya lero, ana akafufuze ku grocery ndi ku msika. Mabuku ena mitengo yake ndi yakalekale, mwana amaseka mukamuuza kuti sopo ndi K30. Ndipo katundu azisintha, Disembala shopu igulitse mango, Malichi chimanga chachiwisi ndi maungu, Meyi mtedza ndi mbatata, zoumba ndi dongo kapena zojambula. Wogulitsa alembe malisiti. Wogula awerenge chenji asanachoke.

Masiku a tchuthi cha boma mumawalowetsa bwanji?

Ndalama zomwezo ndi poyambira. Sabata ya pa 15 Januwale ndimabweretsa K500 yeniyeni, ana aone nkhope ya John Chilembwe, kenako nkhani ya ku Mbombwe ku Chiradzulu ndi kuukira kwa 1915. Pa 3 Malichi timakumbukira amene anaphedwa mu 1959, ndipo pa K200 pali mayi Rose Chibambo amene anamangidwa nawo nthawi imeneyo, atsikana amasangalala kumva kuti panalinso mzimayi. Pa 14 Meyi nde kuno ku Kasungu sitivutika, Kamuzu ndi wakwathu konkuno, ana ena anadutsapo ku Mtunthama kumene kuli Kamuzu Academy, ena amaona Nguru ya Nawambe. Auzeni akafunse agogo awo mmene moyo unalili nthawi imeneyo, adzabwera ndi zosiyana, ena zoyamikira ena za makadi a chipani ndi mantha, zonsezo muzilandire. Pa 6 Julaye ufulu wa 1964, timajambula mbendera, chakuda timapaka makala, chofiira dothi la katondo, chobiriwira timatikita masamba.

Za Khirisimasi ndi Eid yang'anani kalasi yanu kuti muli ana a mipingo iti, pasakhale wokakamizidwa.

Chiswe, mbuzi ndi akuba atola zonse. Ndiyambirenso?

Pepani, zinandichitikiranso. Chaka china ndinasiya matchati onse pakhoma pa holide ya Disembala, pobwera ndinapeza chiswe chadya mpaka alifabeti yatsala kuyambira pa m. Chitseko chinalibe loko, mbuzi zimagona momwemo. Kuyambira pamenepo palibe chimene ndimamata pakhoma. Ndimamanga chingwe kuchoka pa windo kufika pa windo lina nkupachika matchati ngati zovala, poweruka timapinda. Matumba aja amakagona ku ofesi, olendewera pa msomali osati pansi. Nthanga muziyanike ziume gwa musanatseke m'botolo, mukathiramo phulusa pang'ono anankafumbwe sazionongetsa msanga. Guluu ndimaphika wa ufa wa chinangwa koma dziwani kuti mphemvu ndi makoswe zimamukonda.

Ubwino wake wa zinthu za nyengo ndi womwewo, zikabedwa kapena kudyedwa simulira kwambiri, teremu ikubwerayo zinali zoti zisinthidwe kale.

Ndalama zake zichokera kuti?

Pafupifupi zonse ndatchulazi nzaulere. Zogula ndi ma marker, chingwe ndi selotepi basi, zimenezo kapempheni kuti zilowe pa bajeti ya SIG, ndalama zotukulira sukulu zimene boma limapereka, nthawi yokonza pulani ya sukulu isanadutse. Makatoni pemphani m'mashopu pa trading. Musamauze ana kuti abwere ndi ndalama, ndipo zakudya monga mtedza ndi chimanga muzipempha dzanja limodzi lokha, nthawi ya njala osapempha nkomwe.

Maphunziro a NRP, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga ija, ali kale ndi ndondomeko yake mphindi ndi mphindi. Nthawi ya makona ndiipeza kuti?

Zoona, chiyambireni National Reading Programme mu 2016 phunziro la Chichewa ndi Chingerezi m'makalasi a m'munsi limayenda motsata buku la mphunzitsi, ndipo ine sindilikhudza, ndimaphunzitsa mmene alembera. Makona ndimawalowetsa m'maphunziro obwereza, m'masamu pa gawo loti ana ayesere okha, mu Expressive Arts, komanso m'mawa kwa ana ofika msanga. Mphindi 15 zimakwana. Makadi a m'thumba lowerengera azikhala a malembo ndi maphatikizo amene mwaphunzitsa kale, osati atsopano, kungoti mawu ake muzisankha a nyengoyo, dzinja mvula, khasu, chule, masika dengu, nkhokwe, mtedza.

Ndipo muzilembe mu sikimu ndi mu lesson plan. A PEA akapeza ana ali pabwalo ndi zitsononkho koma pa pepala palibe, adzayesa mukusewera. Akaona zalembedwa ndipo mwana akutha kufotokoza chimene akuchita, nkhani imatha bwino.

Kalasi yanga ndi ya pansi pa mtengo, ndipange bwanji?

Matumba aja apachikeni pa nthambi, chingwe cha matchati chizungulire thunthu, pansi ndi poti ana alembepo ndi chala. Ndodo ya mthunzi ndi botolo la mvula inu muli nazo pafupi kuposa tonsefe. Vuto lanu lalikulu ndi mphepo ya mu Ogasiti mpaka Okutobala imene imauluza makadi, nde abooleni pakona muwamange pa waya ngati makiyi, gulu lililonse mpukutu wake. Ndipo gwirizanani ndi mphunzitsi wa chipinda choyandikana nanu kuti kukachita mdima kumwamba ana anu athawira kwa iye, mukambirane lero osati mvula itayamba kale.